Mmene Ndinakalambitsira Makala a Dokotala Kalinde

Amake Yamikani, ndakuonani mwaphimba pakamwa ndi nsalu. Sekani poyera ndithu, musadzipweteke nthiti. Nanunso Anaphiri, mwaweramira foni ngati mwalandira uthenga, chonsecho mukudikira kuti ndiyambe, mupeze pondigwirira. Ine mumandidziwa. Zaka zonsezi tikupemphera limodzi muno mu Nairobi simunandimvepo ndikukweza mawu, ngakhale kukwaya amandiimika kumbuyo chifukwa mawu anga safika pakhomo. Ndiye ndikanena kuti ine amake Tadala, ndi manja awiri omwewa, ndinakalambitsa makala ndi zaka masauzande ambirimbiri mmawa umodzi wokha, mpaka makina a kutsidya la nyanja anavomera n'kudinda chidindo, dziwani kuti sindikunena za kumaloto. Wokayika asendere pafupi, chifukwa ndilankhula motsitsa ndipo sindibwereza.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba ntchito ya m'nyumba kwa a Dokotala Kalinde, mayi wa kwathu ku Dedza, amene amagwira ntchito kumaofesi akuluakulu aja a ku Gigiri. Si dokotala wa jakisoni ayi, ndi dokotala wa nthaka ndi zinthu zakale. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Tsiku langa loyamba ndinafika nsapato zili thope lokhalokha la ku Kawangware, iwo anangoyang'ana pansi, mawa lake ndinapeza majombo atsopano ali pakhomo la kukhitchini, saizi yanga yeniyeni. Mtima wawo ndi umenewo. Muziukumbukira pamene ndikufotokoza zimene ndinawachita.

Chaka chimenecho anali atangobwera kuchokera kumpoto kwenikweni kwa dziko, kumene mapu amathera. Ankandionetsa zithunzi pafoni ine ndikusenda mbatata. Kumeneko nthaka inauma ndi chisanu kuyambira kalekale ndipo sisungunuka, ukamenya khasu limalira ngati wamenya njanji, ndipo chilichonse chimene chinakwiririka m'menemo sichiola: fupa, chikopa, tsitsi, ngakhale udzu umene nyama inadya tsiku lomwe inafa. Koma masiku ano dziko likutentha, ndiye magombe a mitsinje akusungunuka n'kumagumuka, n'kumalavula katundu wa anthu akale. Pagombe lina lotero a Dokotala ndi anzawo anapeza pamene anthu ankasonkhapo moto. Anatolapo makala, n'kuwakulunga m'pepala lasiliva lija timakulungira nkhuku, n'kubwera nawo kuti akawatumize kulabotale akayezedwe zaka. Podikira makalata otumizira, anawasunga mufiliji ya nyama.

Ine zimenezo za filiji sindinkazidziwa. Tsiku lina ndikufunafuna chiwindi ndinafunyulula kapepalako, n'kuona makala, ndipo sindinadabwe ngakhale pang'ono. Ndani mwa inu sanaikepo khala mufiliji kuti lizimwa fungo la nsomba? Ndinangoti mumtima, mayiwa sukulu yonse ija koma nzeru za kwathu sanazitaye. Ndinakulunganso n'kubwezera.

Tsopano mvetserani. Bambo awo a Dokotala, a Kalinde aakulu, anali atabwera kuchokera kumudzi kudzaonana ndi madokotala a mtima, ndipo mankhwala awo ankafuna kuti adye kaye phala. Mmawa umenewo a Dokotala anapita kumsonkhano, foni anazimitsa. Magetsi anathima. Ndikutsegula gasi, anangoti fyuu, watha. Akuluwo ali pampando, afunda bulangete, akundiuza kuti, “Musavutike mayi, ndimwera madzi.” Ndinathamangira kwa Mama Atieno, mayi wa Chikenya wogwira ntchito nyumba yoyandikana nayo, amene anandibwereka kambaula kake, kuno amati jiko. Makala analibe, ndipo kumayadi kuja simungapeze wogulitsa makala ngakhale mutayenda mpaka miyendo kutupa. Anandithirira palafini m'kachitsekero ka botolo, poti kuno majumbo oyatsira moto analetsa, n'kunena kuti pole, ndiye pepani wa kuno. Ndipo ndili pageti ndinakumbukira makala a mufiliji.

Ndinasankha atatu akuluakulu, lililonse ngati chala chachikulu cha kuphazi. Ndinawaika pajiko, ndinadontheza palafini uja, ndinakhwatcha machesi.

Mukumva? Moto umenewo sunayake ngati moto. Poyamba kunatuluka kuzizira, kuzizira kumene kunakhala m'makalamo chitsekeredwe kuyambira dziko lili laling'ono, ndipo kunatuluka ndi mkokomo ngati basi ikudutsa pamlatho, madzi amene ankatsika pampopi anauma ali m'njira moti ndinachita kuwathyola ngati nzimbe n'kuwaponya m'poto, zovala zimene ndinayanika panja zinauma gwa n'kutsika zokha pachingwe n'kuima pabwalo ngati anthu akudikira matatu, maminibasi a kuno aja, galu wa alonda amene anali ndi ubweya waufupi ngati mbuzi anamera ubweya wofika pansi ine ndikuona, ndipo kuzizirako kunatuluka pageti n'kutsika msewu, matayala a matatu anayamba kutsetsereka, ina imene inkapita kutauni inapitirira osaima, injini itazima, mpaka inakaima ku Athi River, kumene utsi wa m'mafakitale unali utauma m'mwamba ngati mizati, anthu n'kumaukhoma ndi miyala kuti ugwe. Anaphiri, mukugwedeza mutu. Funsani aliyense amene anali pamsewu tsiku limenelo ngati sanavale majuzi awiri.

Kenako lawi linadzuka. Silinali lofiira. Linali lobiriwira, lopita kumtambo, likuyenda mopindapinda ngati nsalu imene akazi awiri akuikutumula, chimodzimodzi kuwala kumene a Dokotala anandionetsa pafoni kuti kumaoneka kumwamba kudziko lija. Linakwera mpaka kudenga koma denga silinapse. Kunena zoona denga panalibenso. Makoma a khitchini anabwerera m'mbuyo, anabwererabe, mpaka ndinapezeka ndanjuta pakati pa chidikha chopanda mtengo wautali ndi umodzi womwe, chotambalala kuposa chilichonse chimene maso anga anaonapo, dzuwa lili m'munsi likugubuduzika m'mphepete mwa dziko osafuna kulowa kapena kukwera, ndipo kunali zii, bata loti ndinkamva magazi anga akuyenda m'makutu.

Ndiye zinayamba kudutsa nyama. Zoyamba zinali ngati mphalapala, nyanga zake zanthambinthambi ngati mitengo youma, zambiri moti kutsogolo kwa gululo kunali kutafika kale kumene dzuwa linali pamene kumbuyo kunali kusanatuluke m'kabati ya mbale, ndipo mapazi ake ankalira tiki tiki tiki ngati mawotchi chikwi. Zitatha zimenezo nthaka inanjenjemera, kunabwera njovu zaubweya, ubweya wofiirira wolendewera mpaka m'maondo, minyanga yopindika ngati ikufuna kukumbatira munthu, zazikulu moti imodzi inadutsa pamwamba panga ine osawerama, mimba yake inandiphimba ngati denga la tchalitchi, ndipo ndinamva kutentha kwake pankhope. Inaponda mosamala, amayi. Phazi lalikulu ngati beseni lochapira, koma inalikweza n'kulambalala jiko la Mama Atieno. Chimenecho sindidzaiwala.

Nditatsitsa maso ndinaona kuti pamotopo sindinali ndekha. Tsidya lina la jiko kunali mayi, wamfupi, wovala zikopa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, zosokedwa bwino kwambiri moti telala wa ku Kawangware akanachita manyazi. Ananjuta ngati mmene timanjutira ife. Anapendeketsa mutu n'kuuzira moto ngati mmene timauzirira ife, diso limodzi atatsinzina chifukwa cha utsi. Kumbuyo kwake kunakhala nkhalamba, ndipo ndinaona mayiyo akusendera kuti nkhalambayo ikhale mbali yopanda mphepo, n'kuyamba kuitafunira nyama yolimba asanaipatse. Ine Fomu 4 ndinamaliza, za anthu akale tinaphunzira, koma m'buku anawajambula ngati zilombo zogwira zibonga. Palibe anandiuza kuti ankasendera kupatsa malo nkhalamba.

Poto wanga anali atapendekeka. Mayiyo anatambasula dzanja kudutsa m'lawi lobiriwiralo, n'kumukhazika bwino, osandiyang'ana n'komwe, ngati mmene mnzako amakukonzera mpango kutchalitchi. Phala linapsa nthawi yomweyo. Makala awiri anali atasanduka phulusa. Nditati ndisonkhezere lachitatu, anandigwira pamkono. Dzanja lake linali lofunda, lokhakhala ngati la mayi anga. Anatapa dothi n'kukwirira khalalo, pang'onopang'ono, n'kulisisita pamwamba. Apo m'pamene ndinamvetsa, chifukwa nanenso ndimatero: ukamaliza kuphika suwasiya makala anyeke pachabe, umawazimitsa kuti mawa udzayatsenso. Makala amenewo sanatayidwe ayi. Mwini wake anawasungira mawa, ndipo mawa lakelo silinafike mpaka tsiku limene ine ndinabwera ndi machesi anga.

Makoma atabwerera m'malo mwake, ndinatola kapepala kasiliva kaja pansi. Kuseri kwake kunali kachikwangwani kolembedwa manambala, dzina la mtsinje, ndi kuya kwa dzenje. Apo ndinazindikira kuti sanali makala omwa fungo la nsomba. Ndinawapatsa akuluwo phala, anamwa mankhwala, anandithokoza kawiri. Kenako ndinatenga khala lotsalalo, ndinalitsuka pampopi, ndinalipukuta, ndinaliika pakati pa tizidutswa tinzake, n'kukulunga monga ndinapezera. Ndipo ndinatseka pakamwa. Ndinali ndi Tadala kusukulu, chipinda cha lendi, ndi ntchito ya miyezi iwiri yokha. Musandiyang'ane choncho amake Yamikani, nanunso mukanatseka.

Amene anakulunga makalawo kudziko lija anali mnzawo wa a Dokotala, ndiye iwo sanadziwe kuti achepa. Tsiku lotumiza anavala magolovesi, anatenga kopanira, n'kusankha khala lalikulu pa onse. Langa lija.

Panapita miyezi. Akuluwo anachira n'kubwerera ku Dedza. Tsiku lina masana a Dokotala analowa m'khitchini atanyamula laputopu, maso ali jenjenje ndi misozi, n'kundigwira mapewa.

“Amake Tadala, khalani pansi. Siyani mbalezo. Ndilibe wina womuuza m'Chichewa.”

Ndinakhala. Anandifotokozera mmene makinawo amawerengera zaka, ndipo ndikuuzani monga anandiuzira. Chamoyo chilichonse, kaya mtengo kaya munthu, chimamwa kuchokera mumpweya kaboni wa mtundu wina amene amatha pang'onopang'ono. Zili ngati mtsuko wodontha. Mtengo ukakhala moyo, mtsukowo umadzazidwa tsiku ndi tsiku. Ukangofa, palibenso wopita kumjigo, madzi amangotsika: pakapita zaka zoposa masauzande asanu atsika kufika theka, pakapitanso zina zotero theka la otsalawo, choncho basi. Ndiye makina amasuzumira mumtsukomo, akaona pamene madzi afika amadziwa tsiku limene mtengowo unadulidwa.

“Tsono mtsuko wa khala lathu,” anatero, “watsala pang'ono kuuma. Anthu anafika kumeneko kale kwambiri kuposa mmene mabuku onse amanenera. Lachinayi ndikaimirira pamaso pa anthu ku Gigiri ndikanene zimenezi. Ine, mwana wa a Kalinde.”

Ndinafunsa ndi mawu aang'ono, ngati ndikungofuna kuphunzira, kuti nanga makinawo sanganamizidwe? Anaseka n'kunena kuti angathe, n'chifukwa chake sagwira ndi manja. Chinthu chatsopano chikakhudza khala chimalichepetsa zaka. Koma choopsa kwambiri ndi mafuta a pansi pa nthaka, dizilo, phula, palafini, chifukwa zimenezo zinachokera ku zamoyo zimene zinafa kale kwambiri moti mitsuko yake inauma gwa. Kadontho kokha kakalowa m'khala, makina amaliona ngati nkhalamba ya nkhalamba.

Mukumva, amayi? Kachitsekero kamodzi. Asayansi ovala zoyera, makina odzaza nyumba yonse, magetsi okwanira kuyatsa Dedza yense, zonsezo zinagwada pamaso pa kachitsekero ka Mama Atieno m'dzanja langa. Ndinakankhira anthu a dziko lonse lija m'mbuyo, iwo ndi ana awo ndi agalu awo, kupitirira agogo a agogo awo, kukawakhazika m'nthawi imene kunalibe munthu woti awapatse moni. Ndani wina mumpingo muno anasunthapo mtundu wathunthu wa anthu asanamwe tiyi?

Koma kunyada kumeneku ndikukuchita lero. Sabata imeneyo zinali zina. Ndinkaona a Dokotala akuyeserera zokanena pagalasi, akuimbira bambo awo kuti adzamvere, ndipo ndinkadziwa kuti akakaimirira pamaso pa anthu ophunzira aja, tsiku lina wina adzakayezanso, ndipo dzina limene analimanga zaka zonsezo lidzasanduka choseketsa. Adzati mayi wa ku Malawi uja ananama. Sadzati wantchito wake.

Lachinayi mmawa ndinkasita suti yawo yabuluu. Ndinasita kolala, ndinasita mkono umodzi, ndinaimika ayironi. Ndinapita kuchipinda chochezera kumene ankamwa tiyi, ndinagwada, ndinanena zonse. Magetsi, gasi, phala, jiko, palafini, mpopi. Za njovu sindinanene.

A Dokotala anaika kapu ya tiyi patebulo.

“Angati?”

“Atatu, mayi. Awiri anapsa.”

“Lachitatulo munaliika pamodzi ndi enawo?”

“Eya.”

“Ndiye onse apita.” Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. “Bambo anadya phalalo?”

“Anadya, mayi. Anamaliza.”

“Dzukani, amake Tadala, pansipo pakuzizira. Kamalizeni mkono winawo. Ndikuyenera kukaoneka bwino pokawauza kuti ndilibe chonena.”

Anapita ndithu. Anakaima pamaso pa anthu onse aja n'kunena kuti khala linadetsedwa m'nyumba mwawo, mwa kusasamala kwawo, ndipo zotsatirazo zitayidwe. Dzina langa sanalitchule. Atabwerako analowa kuchipinda, ndipo kwa masabata atatu ankangondipatsa moni basi. Ine tsiku lililonse ndinkabwera ndi chikwama chachikulu, kuti akandiuza kuti ndizipita ndisavutike ponyamulira zinthu zanga.

Chimene chinkawadya mtima n'chakuti gombe lija linkagumukirabe mumtsinje. Anadikira chaka chathunthu kuti nyengo yokumba ifikenso, osadziwa ngati akapeze kanthu. Atafika anapeza madzi atadya pafupifupi malo onse, patatsala kachigawo kotambalala ngati mphasa, kakulendewera pamwamba pa mtsinje. Anzawo anachita kuwamanga chingwe m'chiuno. Anatolamo makala odzaza dzanja limodzi, ndipo patangopita masiku ochepa kachigawoko kanagwa. Atayezetsa, zaka zake zinatuluka zochepa kuposa zanga zija, zogwirizana ndi zimene anzawo ankayembekezera, zosagwedeza buku lililonse. Komabe ndi zaka zoti mukati muziwerenge ndi nyemba, thumba limatha. Anazilemba, ndipo anthu a ntchito yawo amawalemekeza mpaka lero.

Atabwerako ulendo wachiwiriwo m'pamene ndinalimba mtima kuwauza za mayi uja, kuti makalawo anachita kuzimitsidwa ndi dothi, kusungira mawa. Sanaseke. Anangonena kuti makina awo amadziwa kunena liti, koma sadziwa kunena chifukwa.

Tsopano Anaphiri, ndikudziwa chimene mukufuna kufunsa, poti munakumanapo ndi Mama Atieno kumsika. Inde, iye amanena zina. Amati unali mwezi wa Julaye, pamene Nairobi amazizira ngakhale popanda thandizo langa. Amati atabwera kudzatenga jiko lake anandipeza nditatseka chitseko ndi mawindo onse, utsi wa palafini uli tho, ine nditagona pansi pafupi ndi sinki ndikulankhula ndi chopukutira pansi, ndipo anachita kundikokera panja ndi miyendo. Za kundikoka sindikana, msana unandiwawa sabata yonse, ndipo Mulungu amudalitse chifukwa akanachedwa bwenzi lero mulibe wokuuzani nkhaniyi. Koma iye analowa zonse zitatha. Njovu sizidikira munthu.

Makala atsopano aja atafika m'nyumba, a Dokotala anagula filiji ina yaing'ono n'kuikhoma loko wamkulu ngati wa pasitolo. Ndinati m'pomveka, ndi chilango changa chimenecho, ndizichiona tsiku lililonse ndikamakolopa. Atamaliza kukhoma anayesa lokoyo kawiri, anatembenuka, n'kundiika kiyi m'dzanja.

“Mu Nairobi monse muno,” anatero, “ndinu nokha amene ndikudziwa kuti simudzawayatsanso.”

Nayi apa, pachingwe cha m'khosi. Igwireni, amake Yamikani, musaope. Mwaimva mmene ikuzizirira?